Kanema wobwereza mu NFL: pamene dongosolo limathyokera

MbenderaYofiira
Akuluakulu okonda mpira wa ku America, ndabwera ndi dandaulo. NFL, ligi yaikulu ya mpira umenewu, yakhala ikugwiritsa ntchito kanema wobwereza mosalekeza kuyambira 1999. Makamera anachuluka, ku New York anamanga chipinda chodzaza masikirini, koma Lolemba lililonse nkhani ndi imodzimodzi: oyimbira atiphera gemu. Kale munthu ankalakwitsa m'kuphethira kwa diso, mpira n'kupitirira. Lero timaima mphindi zitatu kuonerera bondo la munthu likutsika pang'onopang'ono, kenako refa n'kutulukira kudzanena kuti chigamulo chikhala momwemo poti kanema sakuonetsa bwino. Inu odziwa malamulo, tandiuzani pamene zinthuzi zimasokonekera kwenikweni. Zoti marefa anadya ndalama musabwere nazo.

Tsabola_Kambuzi
Marefa anadya ndalama.

MbenderaYofiira
A Tsabola, takhalani kaye pansi.

Che_Wezulo
Tiyambe ndi amene ali ndi mphamvu yoitanitsa kanemayo, chifukwa mavuto ambiri amabadwira pomwepo. M'bwalo mumakhala oyimbira 7, mkulu wawo ndi wa chipewa choyera uja. Khomo loyamba ndi la kochi: amaponya kansalu kofiira kotsutsa chigamulo, snap yotsatira (kupereka mpira koyambitsa play) isanachitike. Amaloledwa kawiri pa gemu, ndipo kuyambira 2024 akapambana kamodzi amamuonjezera kachitatu, pomwe kale ankayenera kupambana konse kawiri. Akagonja amamulanda timeout, womwe ndi mwayi woimitsa wotchi, ndipo wopanda timeout saloledwa kuponya n'komwe. Khomo lachiwiri ndi la woyang'anira kanema amene amakhala m'kachipinda pamwamba pa bwalo. Mphindi ziwiri zomaliza za hafu iliyonse komanso nthawi yoonjezera, kansalu ka kochi kamagona m'thumba, woimitsa mpira ndi iye yekha. Amaunikanso play iliyonse yomwe oyimbira agamula kuti yabala mapointi, kuyambira 2011, ndi iliyonse yomwe agamula kuti mpira walandidwa, kuyambira 2012. Ndipo kuyambira 2017 mawu omaliza amachokera ku New York. Refa wa m'bwalo amangoonera nawo pa tabuleti atavala mahedifoni.

Tsopano onani mpata wake. Wothamanga akagwa patatsala chala chimodzi kuti afike pa mzere wa goli, oyimbira n'kunena kuti touchdown (chigoli cha mpira umenewu), kanema aunikidwa kwaulere. Akadutsa mzerewo ndi chala chomwecho, oyimbira n'kunena kuti sanafike, ndipo si mphindi ziwiri zomaliza, kochi ayenera kuika timeout yake pachiswe, pokhapokha wa pamwamba uja aone msanga n'kunong'oneza refa. Cholakwa n'chofanana, koma mtengo wochikonzera ukudalira mbali yomwe woyimbira analakwira.

Nambewe_KC
Onjezanipo nkhani ya liwiro, a Wezulo. Timu yokhala ndi mpira ili ndi masekondi 40 oyambira play ina, koma palibe choikakamiza kuwadikira onse. Wolandira akadziwa mumtima kuti mpira unakhudza pansi, amadzuka akuzunguza chala m'mwamba, anzake n'kuthamangira pa mzere, snap n'kuchitika masekondi 10 asanakwane. Kochi wa mbali inayo ali chilili kudikira wothandizira wake wa pamwamba, amene nayenso akudikira chithunzi chooneka bwino. Chikachedwa basi, play yapita siibwerera. Komanso sikirini yaikulu ya m'bwalo ili m'manja mwa eni bwalo. Kansalu kasanaponyedwe, zokomera timu yawo amazibwereza nthawi yomweyo, zowapweteka amayamba aonetsa kaye masapota akuvina.

Bwande12
Musaiwale chomwe chinabweretsa zonsezi. Disembala 1998, Jets ndi Seahawks, gemu ili kumapeto, Vinny Testaverde wa Jets anadziponya cha pa mzere. Chisoti chinadutsa, mpira unatsalira kumbuyo, oyimbira n'kukweza manja. Jets 32, Seahawks 31. Seattle sinalowe mu playoffs, ndipo kochi Dennis Erickson ntchito inamuthera. Aliyense woonera TV anaona choona, kupatula anthu okhala ndi wezulo. Mukufuna tibwerere kumeneko?

MbenderaYofiira
Palibe wanena zobwerera, achimwene. Ndafunsa pomwe pakudontha.

Che_Wezulo
Komatu ligi inabwererapo kale, a Bwande. Kanema anayamba mu 1986, eni matimu n'kumuchotsa itatha sizoni ya 1991. Chaka chomalizacho zigamulo 90 zinasinthidwa, ndipo ligi yeniyeniyo inapeza kuti 9 mwa izo zinasinthidwa molakwika. M'chaka choyamba, pa gemu ya Raiders ndi Chiefs, wa pamwamba ananena pa wailesi ya m'manja kuti mpira sunagwidwe, wa m'bwalo n'kumva kuti wagwidwa, touchdown n'kukhala. Zipangizo za lero si zimenezo ayi, koma mfundo yoti woonera kanema naye ndi munthu sinasinthe.

Mlonda_waUsiku
Anthu amaganiza kuti kamera imaona chilichonse. Siimaona, ndipo pali zifukwa zake zowerengeka.

TV wamba imajambula zithunzi pafupifupi 60 pa sekondi. Wosewera wothamanga mamita 9 pa sekondi amasuntha masentimita 15 pakati pa chithunzi ndi chinzake. Ndiye funso likakhala loti chinayamba n'chiyani, bondo kukhudza udzu kapena mpira kuyamba kupulumuka m'manja, nthawi zambiri yankho limagwera pakati pa zithunzi ziwiri: m'choyamba bondo lili m'mwamba mpira uli m'manja, m'chotsatira bondo lili pansi mpira wasuntha kale. Makamera apadera ojambula zithunzi mazanamazana pa sekondi alipo, koma ndi ochepa, ndipo ayenera kukhala kuti analoza pamalo pomwepo pa nthawiyo.

Chachiwiri ndi ngodya. Mzere wa goli si utoto wokha, ndi khoma losaoneka lokwera m'mwamba kuchokera pa utotowo. Mpira uli m'manja mita imodzi kuchokera pansi, kamera ikakhala kumbuyo pang'ono kwa mzere, mbali yomwe wothamanga akuchokera, mpirawo umaoneka ngati wadutsa. Ikakhala kutsogolo umaoneka ngati sunafike. Yokhulupirika ndi yoloza ndendende motsata mzere, monga timakamera ta m'ma pylon, tizipilala timene timaimikidwa kumathero a mzerewo, koma timeneto tili pansi penipeni, mwendo umodzi wa munthu wotchinga umatitseka.

Chachitatu ndicho sichikambidwa kwambiri. Zithunzi zambiri zomwe oyimbira amadalira zimachokera kwa a TV amene akuulutsa gemuyo. Super Bowl imakhala ndi makamera osawerengeka, gemu ya usiku yoonetsedwa dziko lonse imakhalanso nawo ambiri, koma gemu ya masana ya matimu awiri ogona kumunsi kwa tebulo imakhala ndi ochepa. Lamulo limati chigamulo chisinthidwe pokhapokha umboni uli woonekeratu wosakayikitsa. Ndiye play yofanana isinthidwa pa gemu ya Chiefs usiku, n'kusiyidwa pa gemu ina masana, osati chifukwa cha malamulo koma chifukwa cha bajeti ya kampani ya TV.

Tsabola_Kambuzi
Mwamva? Ngakhale makamera amakondera Chiefs.

Nambewe_KC
Makamera amakonda timu yopambana, achimwene. Yanu ikayamba kupambana adzabwera.

Dzanja_Lamanzere
Kwa ine choipa chachikulu si kuchedwa kapena kuchepa kwa makamera, koma zomwe kanema wochedwetsa anachita ku lamulo la kugwira mpira. Pa liwiro lenileni maso amadziwa kuti uyu wagwira, uyu sanagwire. Ukachedwetsa chithunzi, mpira uliwonse umaoneka ukugwedezeka, chifukwa munthu wa makilo 100 akamenyetsa thupi pansi palibe chomwe chimangokhala duu. Ligi inayamba kulemba malamulo oyankha kugwedezeka kumeneko. Januwale 2000, fainolo ya NFC, Bert Emanuel wa Buccaneers anagwira mpira bwinobwino koma nsonga yake inakhudza pansi, kanema n'kumulanda, ndipo ligi inasintha lamulo chaka chomwecho. Kenako kunabwera mfundo yoti wogwira mpira akugwa ayenera kuusunga mpaka atamaliza kugwako.

Taonani zipatso zake. Seputembala 2010, Calvin Johnson wa Lions anagwira mpira mu end zone, chigawo chogoletsera cha kumapeto kwa bwalo, ku Chicago, mapazi onse pansi, n'kugwa chokhala, ndipo potembenuka kuti adzuke anausiya pa udzu. Sanagwire, akutero. Januwale 2015 ku Lambeau Field, down yachinayi, womwe ndi mwayi womaliza, kutatsala mayadi awiri, Cowboys ikutsalira 26-21, Tony Romo anaponya m'mwamba, Dez Bryant n'kuulanda pamwamba pa Sam Shields, kuponda katatu, kutambasula mkono cha ku mzere. Mpira unamenya pansi n'kudumpha pang'ono. Oyimbira a m'bwalo anati wagwira pa yadi imodzi, kochi wa Packers Mike McCarthy n'kuponya kansalu, refa Gene Steratore n'kusintha. Disembala 2017, Jesse James wa Steelers anagwira, bondo pansi osakhudzidwa ndi mdani, n'kutambasukira mu end zone, mpira n'kuzungulira pang'ono m'manja utakhudza pansi. Touchdown inafufutidwa, Patriots n'kupambana 27-24. Wa Bryant ndi wa James, oyimbira oona ndi maso ananena zomwe aliyense anaona, kanema ndiye anasokoneza.

Bwande12
Limenelo ndi vuto la lamulo, osati la kanema. Steratore anatsata zolembedwa. Ndipo mu 2018 analikonza.

Dzanja_Lamanzere
Analisamutsa, a Bwande. Lamulo la 2018 limafuna zitatu: mpira ukhazikike m'manja, mapazi awiri kapena chiwalo china chomwe si dzanja chikhudze pansi m'kati mwa bwalo, kenako wosewera achite kanthu kena monga kuponda kachitatu, kufungatira mpira, kuutambasula, kapena akhale nawo nthawi yokwanira kuchita zimenezo. Chomalizachi ndi funso la nthawi, ndipo kanema wochedwetsa ndi mdani wa funso la nthawi. Kachigawo kakang'ono ka sekondi ukakachedwetsa kamaoneka ngati munthu anaugwira mpira n'kupumira kaye. Komanso pakati pa bwalo, play yomwe kale inkangokhala mpira wosagwidwa, lero itha kukhala wagwira kenako wagwetsa, mdani n'kutola. Mkangano unachoka pa "anamaliza kugwa?" n'kupita pa "anali ndi nthawi?". Woyang'anira kanema wanzeru amaonera kaye pa liwiro lenileni pofuna kuyankha za nthawi, wochedwetsa n'kumusungira za mapazi ndi mizere. Koma TV imabwerezabwereza wochedwetsayo, masapota n'kukwiya ndi chinthu chomwe pa liwiro lenileni sichinalipo.

Kalulu_Oakland
Ndipo kanema akagwira ntchito molondola ndi pomwe amapweteka kwambiri. Januwale 2002 mu chipale ku Foxboro, Charles Woodson wa Raiders anamenya Tom Brady wa Patriots, mpira pansi, Greg Biekert wa Raiders n'kuugwera. Gemu yatha. Refa Walt Coleman anapita kukaonera, n'kupeza kuti mkono unali utapita kutsogolo ndipo Brady anali asanamalize kuubweza mpirawo pathupi. Tuck rule, kalamulo komwe kankati zikatero ndi pass yosagwidwa, osati mpira wogwetsedwa. Patriots 16, Raiders 13. Popanda kanema palibe akanakumbuka kuti kalamulo kameneka kaliko, ndipo ligi inakafufuta mu 2013.

aNgozo_Jozi
Pali china chomwe kanema sangachikonze ngakhale makamera atakhala chikwi: wezulo. Wezulo ikalira, osewera amaima, ndipo zomwe zikanachitika sizingajambulidwe poti sizinachitike. Seputembala 2008 ku Denver, mpira unapulumuka m'manja mwa Jay Cutler wa Broncos asanaponye, wa Chargers n'kuutola, koma refa Ed Hochuli anali ataimba kale poganiza kuti ndi pass yosagwidwa. Kanema anaonetsa kuti ndi fumble, mpira wogwetsedwa womwe aliyense angatole, koma malamulo a nthawiyo sankalola kupereka mpira kwa Chargers. Broncos inausunga n'kupambana 39-38. Mu 2009 anasintha kuti ngati wotola akuoneka bwino ndipo watola nthawi yomweyo, mpira aupatsidwe. Koma amaupatsidwa pomwe anatolera, mayadi omwe anathamanga pambuyo pake sawerengedwa. Seputembala 2019, Saints ndi Rams, Cameron Jordan wa Saints anatola mpira wa Jared Goff n'kuthamanga mayadi oposa 80 mpaka mu end zone, wezulo italira kale. Kanema anawapatsa mpira, touchdown ayi.

Pothawa manyazi otere, oyimbira amaphunzitsidwa kuti akakayika asamafulumire kuimba, play ithe kaye, kanema adzakonza. Zikumveka bwino, koma zili ndi mano. Woyimbira akalola play kupitirira, chigamulo cha m'bwalo chimakhala fumble, ngakhale iye mwini sanatsimikize. Ku New York amachitenga ngati chigamulo chenicheni chofunika umboni woonekeratu kuti chigwe. Mpira ukakhala kuti unabisika m'mulu wa anthu, umboni palibe, fumble ikhala. Mapeto ake wa m'bwalo anadalira kanema, kanema n'kudalira wa m'bwalo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anagamula kuti anaona mpira ukugwa bondo lisanafike pansi.

Che_Wezulo
Apa ndiye mwalasa, a Ngozo. Chigamulo chomwe kanema watsimikiza ndi chomwe kanema walephera kuchigwetsa n'zosiyana kwambiri, koma pa bolodi la mapointi zimaoneka chimodzimodzi.

Nyapapi_265
Inu mukukamba za malamulo, ena tikukamba za tulo. Gemu ya Lamlungu usiku imayamba 8:20 ku New York, kuno ndi 2:20 m'bandakucha, ndipo akabweza mawotchi awo mu Novembala imakhala 3:20. Refa akangovala mahedifoni cha m'ma 5 koloko, munthu umadziwa kuti ku ntchito ukafika maso ali psuu.

Mlonda_waUsiku
Chokudyerani tulo kwambiri ndi zotsatsa malonda, osati kanema. Gemu ndi mphindi 60 pa wotchi koma imatenga maola atatu ndi kanthu, ndipo a TV akaona kuti refa wapita ku tabuleti amalowetsapo malonda omwe akanawaika pena. Lamulo limapereka masekondi 60 oonera, kale anali 90, koma amawerengedwa kuyambira pomwe refa wayamba kuonera. Kulengeza, kuyenda, kukambirana pomwe mpira uikidwe ndi nthawi yomwe ibwezedwe pa wotchi, zonsezo zili kunja kwa masekondi 60.

Nyapapi_265
Bola iwo amalengeza pa maikolofoni. VAR ya mpira wathu wa miyendo munthu umasangalala chigoli, kenako mphindi zinayi akujambula mizere pa khwapa.

Bwande12
Mpira wa miyendo ndiye sunabadwire zoimaima. Wa ku America umaima wokha play ikatha, kanema amalowa pa mpata womwe ulipo kale.

Nambewe_KC
Sumangoima nthawi zonse. Timu yothamangitsa mpira mopanda huddle (kusonkhana kukambirana play), cholinga chake n'choti otchinga atope ndipo asasinthane. Kanema akaimitsa gemu, otchinga amapuma, kumwa madzi, kusintha anthu, kulandira malangizo, osalipira timeout. Koma tibwerere ku funso la a Mbendera, chifukwa bowo lalikulu sitinalikhudze: zomwe kanema saloledwa kuziona.

Pa 20 Januwale 2019, fainolo ya NFC ku New Orleans, mapointi ali 20-20, mphindi ziwiri zosakwana. Drew Brees wa Saints anaponyera Tommylee Lewis, Nickell Robey-Coleman wa Rams n'kumugunda mpira usanafike, chisoti pa chisoti. Mbendera yachikasu yosonyeza mlandu sinatuluke. Makamera onse anajambula bwinobwino, koma pass interference, mlandu wotchinga munthu mpira usanamufike, sinali pa mndandanda wa zounikidwa. Rams inapambana 26-23 m'nthawi yoonjezera. Ligi itapanikizika inalola kuti mu 2019 mlanduwu uziunikidwa, woimbidwa ndi wosaimbidwa womwe. Sizoni yonse kunaunikidwa milandu 101, yosinthidwa 24 yokha. Makochi anaponya kansalu ka 81 n'kupambana ka 13. Ofesi ya Al Riveron, mkulu wa marefa pa nthawiyo, inakweza muyezo mpaka milandu yoonekeratu inkasiyidwa, makochi n'kumangotaya ma timeout, ndipo mu 2020 lamulolo silinabwerere.

Chifukwa chake si ulesi wokha. Phazi pa mzere ndi inde kapena ayi. Pass interference imafunsa ngati kukhudzanako kunalepheretsa munthu kwambiri kugwira mpira, ndipo "kwambiri" alibe mzere. Pa kanema wochedwetsa wolandira ndi wotchinga amakankhana pa play iliyonse. Ukatsata chithunzi uimba milandu yonse, ukatsata mwambo wa m'bwalo suimba ndi umodzi womwe.

aNgozo_Jozi
Komatu CFL ya ku Canada inalola makochi kutsutsa pass interference kuyambira 2014 ndipo mpira ukuseweredwabe. NFL inalemba lamulo lomwe ofesi yake sinkalifuna, n'kulipha ndi njala.

Nambewe_KC
Pamenepo sinditsutsa. Koma ngakhale akanalifuna, holding, mlandu wogwira mdani, bwanji? Imachitika pa mzere pafupifupi play iliyonse. Mukatsegula khomo limenelo touchdown iliyonse ifufutidwa.

Kalulu_Oakland
Chopweteka n'choti amaunika play theka. Seputembala 2012, Seahawks ndi Packers, nthawi ya marefa ogwirizira aja: anaonera kanema kuti aone mwini mpira pakati pa Golden Tate wa Seahawks ndi M.D. Jennings wa Packers, koma Tate kukankha Sam Shields kumsana, pa chithunzi chomwecho, sanaloledwe kukuona. Seahawks n'kupambana 14-12.

Che_Wezulo
Tate yemweyo ali m'nkhani ya wotchi, yomwe kwa ine ndi yowawa kuposa zonse poti kanema anagamula molondola. Seputembala 2017, Lions ndi Falcons ku Detroit, Falcons ikutsogola 30-26. Matthew Stafford anaponyera Tate, amene panthawiyo anali wa Lions, pafupi ndi mzere, oyimbira anati touchdown, wotchi inaima patatsala masekondi 8. Kanema anaonetsa kuti bondo linafika pansi, atakhudzidwa ndi mdani, mpira usanadutse. Mpaka apa palibe vuto. Koma kumapeto kwa hafu kuli lamulo loti kanema akasintha chigamulo kuchoka pa wotchi yoima kupita pa wotchi yomwe ikanakhala ikuyenda, amachotsa masekondi 10, pokhapokha timu itapereka timeout. Lions inalibe timeout. Masekondi 8 kuchotsa 10, gemu inathera pa chilengezo cha refa.

Maganizo a lamuloli ndi omveka: oyimbira akanagamula bwino poyamba wotchi ikanapitirira, ndiye timu isapindule ndi kuima kwaulere. Koma 10 ndi nambala yongoikidwa. Play inali yaifupi, osewera onse anali pafupi ndi mpira, ndipo inatsala down yachinayi. Mwina akanakwanitsa snap m'masekondi 8, mwina ayi. Amene anawalanda mwayi woyesa ndi woyimbira amene anakweza manja molakwika, koma wolipira inali timu.

Tsabola_Kambuzi
Lions ndiye inalodzedwa. Ya kochi wawo Jim Schwartz ija bwanji?

Che_Wezulo
Novembala 2012, tsiku la Thanksgiving. Justin Forsett wa Texans anagwa, bondo ndi chigongono pansi, wezulo osalira, n'kudzuka kuthamanga touchdown ya mayadi 81. Ikanaunikidwa yokha n'kufufutidwa. Schwartz atapsa mtima anaponya kansalu, ndipo lamulo la nthawiyo linkati woponya kansalu pa play younikidwa kale alangidwe mayadi 15 ndipo kanemayo asaonedwenso. Touchdown yabodza inakhala, Texans n'kupambana 34-31. Analisintha chaka chotsatira.

MbenderaYofiira
Nanga za makamera oyezera a Hawk-Eye omwe anayamba mu 2025? Tcheni ndi timitengo toyezera mayadi tija si ndiye anazisiya?

Mlonda_waUsiku
Tcheni akadali m'mbali mwa bwalo ngati chodalira makina akavuta. Chomwe chasintha ndi kuyeza: makamera 6 a 8K amaona pomwe mpira wagonekedwa n'kuwerengera ngati wafika pa mzere wa first down, womwe timu iyenera kufika kuti isunge mpira. Koma wougoneka pamenepo akadali munthu amene wathamanga kuchokera m'mbali mwa bwalo, phazi lake likuloza pomwe akuganiza kuti mpira unathera. Zili ngati telala woyeza ndi tepi mpaka pa milimita, nsalu atadula kale ndi maso. Mu Disembala 2017, Cowboys ndi Raiders, Steratore analowetsa kapepala pakati pa mpira ndi kamtengo, anthu n'kuseka, koma choseketsa chenicheni chinali choti mpirawo anali atauika pamenepo mongoyerekeza.

Chitsanzo chabwino ndi fainolo ya AFC ya Januwale 2025 ku Arrowhead. Bills ikutsogola 22-21 m'kota yomaliza, down yachinayi kutatsala yadi imodzi, Josh Allen wa Bills anadzikankhira m'mulu. Oyimbira awiri a m'mbali analowa m'bwalo aliyense akuloza pake, anagwirizana kuti sanafike, kanema sanapeze chithunzi choonetsa mpira bwino, chigamulo n'kukhala. Chiefs inapambana 32-29. Hawk-Eye ikanakhalapo tsiku limenelo ikanangoyeza mpira womwe unaikidwa kale pamalo okanganirana.

Bwande12
Mu mpira muli kale kachipangizo. Angogwiritsa ntchito.

Mlonda_waUsiku
Muli ka Zebra Technologies, kuyambira 2017, koma kanapangidwira ziwerengero za liwiro ndi mtunda. Kamatha kuphonya ndi mainchesi pafupifupi 6, pomwe mpirawo ndi wautali mainchesi 11 ndipo chowerengedwa ndi nsonga yakutsogolo, yomwe imasintha malinga ndi mmene mpira wapendekera. Ngakhale atakanola, kachipangizoko sikadziwa nthawi yomwe bondo linakhudza pansi kapena yomwe woyimbira anaona kuti munthu wasiya kupita kutsogolo. Kudziwa pomwe mpira unali sikuthandiza ngati sukudziwa kuti uufunse pa sekondi iti. Makamera nawo matupi amawatseka: mu Juni 2020, Aston Villa ndi Sheffield United, goloboyi analowa ndi mpira m'goli, makamera 7 a Hawk-Eye osauona chifukwa cha anthu ndi chitsulo cha goli. Pamenepo panali anthu ochepa. Pa play yodzikankhira m'mulu ngati ya Allen ija pamakhala anthu oposa 12 atasanjikizana pamwamba pa mpira.

Dzanja_Lamanzere
Bola atamatimvetsa zomwe akukambirana. UFL, ligi ina ya ku America, imaulutsa mawu a woyang'anira kanema akuunika play, woonera amamva kuti ayang'ana ngodya iti, akana iti ndi chifukwa chake. Ukhoza kutsutsa chigamulo koma sunganene kuti chachokera mumdima. Mu NFL replay assist ya 2021, kunong'oneza refa kwa wa pamwamba kuja, inafulumizitsa zinthu, inde, koma mpira umangosunthidwa yadi imodzi, kapena pass yogwidwa n'kusanduka yosagwidwa, refa n'kungotchula mwachidule. Kochi sadziwa kuti adikire thandizo laulere kapena aponye kansalu, masekondi akutha.

Nambewe_KC
Mpira wa m'makoleji uli ndi kanthu kamodzi kabwino pa targeting, mlandu wogunda mnzako ndi chisoti kapena kumutu. Kuyambira 2019 woonera kanema ayenera kutsimikiza mbali zonse za mlanduwo, apo ayi ufufutidwe. Zoti "ukhale poti sitikuona bwino" kulibe. Poti chilango chake n'kutulutsidwa, kukayika kumakomera wosewera.

aNgozo_Jozi
NFL yatenga njira ya theka. Kuyambira 2025 wa pamwamba akhoza kuuza refa kuti atole mbendera yoponyedwa molakwika pa milandu monga kugwira chitsulo cha chisoti, kukoka pa kolala, kupinga ndi mwendo, kapena kugunda woponda mpira. Koma lamulo la 2025 limeneli silinamulole kuponya mbendera yomwe sinaponyedwe. Okutobala 2024, Vikings ndi Rams, Byron Young wa Rams anapotokola mutu wa Sam Darnold ndi chisoti mu end zone, woyimbira osaona, safety (mapointi awiri) n'kuperekedwa kwa Rams, 28-20 n'kukhala 30-20 mphindi ziwiri zosakwana. Play imeneyo ndiyo inautsa mkangano, ndipo lamulo latsopanoli silikanaikonza.

Bwande12
N'zomveka. Munthu wa m'chipinda akayamba kuponya mbendera, oyimbira a m'bwalo atsala ongonyamula mpira.

aNgozo_Jozi
Koma taganizani zomwe lamuloli likumuuza woyimbira wokayika. Akaponya molakwika, wa pamwamba amutolera, palibe chaonongeka. Akapanda kuponya molakwika, palibe womupulumutsa, dzina lake lili pa TV sabata yonse. Wanzeru aliyense aponya. Ndipo yoponyedwayo imatoledwa pokhapokha chithunzi chikuonetseratu kuti dzanja silinakhudze chitsulo. Chikabisika kuseri kwa phewa la munthu, mayadi 15 akhala.